Pepala la Mayi Dirowa

Bwana wamkulu, akuluakulu a m'zigawo, bambo a kunyumba kwa amayiwa pamodzi ndi ana awo, anzanga nonse, landirani moni wanga. Ine sukulu sindinapite nayo patali, choncho ndachita kulemba kuti ndisasochere.

Amayi awa, amene akupuma pantchito lero, akhala mlembi wathu zaka makumi atatu. Kuno timawatchula Mayi Dirowa. Ana inu, imvani chifukwa chake.

Pulogalamu yolembera makalata pakompyuta itasinthidwa, mabatani amene tinawazolowera anasowa. Pamwamba panangondandalikidwa mawu. Ukadina amodzi, mabatani ena amabwera, ena n'kubisala. Amayi anaima pakhomo n'kunena kuti, "Muno satuluka munthu mpaka amene wandichotsera batani losindikizira aulule." Bwana, inunso munali m'gulu la oganiziridwa.

M'mawa mwake anabwera ndi pepala. Anajambulapo kabati, mawu a pamwamba aja n'kukhala madirowa, dirowa iliyonse ndi mabatani a mkati mwake. Ya zithunzi, imene imaoneka pokhapokha ukadina chithunzi, anaitcha dirowa yamanyazi.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditangochoka pa umesenjala, ndili pa miyezi yoyesedwa, mayi a kunyumba kwanga ali oyembekezera. Tsiku lina ndinadina kawiri, madirowa onse n'kutsekeka. Thukuta linangoti kamukamu. Mumtima ndinati basi, ntchito yatha. Mayi Dirowa anafika n'kudinanso kawiri, zonse n'kubwerera.

"Mwanawe, sizinapite, zinangodzipinda. Usamasake batani. Yamba wadzifunsa chimene ukufuna kuchita, dirowa yake uidziwa."

Pepala lija anandimatira pambali pa kompyuta.

Ndisabise, nkhani ya kupuma kwawoyi inandisowetsa mtendere. Mwana wanga ali ndi zaka ziwiri, wina ali m'njira. Ndikasokonezeka ndidzaitana ndani? Lachiwiri lapitali ndinagula pulasitiki kuti ndikutire pepala lija lisang'ambike. Kuyang'ana, palibe. Ndinathamangira kwa amayi.

"Wazindikira liti kuti palibe?"

"Lero, amayi."

"Ndinalichotsa mwezi watha. Nanga makalata onse aja walemba bwanji?"

Ndinabwerera pampando, manja n'kumangopita okha.

Amayi, zikomo. Simunandisekepo ngakhale tsiku limodzi. Ana anga adzakula bambo awo ali pantchito, ndipo ndidzawauza amene anandigwira dzanja. Pepalalo mutisiyire, wobwera pambuyo panga adzalifuna.

Kapumeni bwino, muzidzuka nthawi imene mwafuna. Bambo, alandireni, koma kabati ya kunyumba musaisokoneze, mungatsekeredwe pakhomo.

Anzanga, tiyeni tiimirire, tiwaombere m'manja Mayi Dirowa.