Laimu amene anamwa mvula ya pa Mwami

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine dalaivala wa thiraki, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinalandidwa makiyi pa chipata cha Mchinji, n'kutchedwa wozembetsa katundu.

Linali dzinja, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndinanyamula matumba a laimu wowotcha ku Zambia, laimu uja amatentha akathiridwa madzi. Ponyamuka anayeza thiraki pa sikelo n'kulemba kulemera kwake pa pepala. Pa Mwami, chipata cha mbali ya Zambia, mapepala ena anavuta, ndipo ndinakhala pamzere masiku asanu ndi anayi. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, lona wanga wophimbira katundu ali wobookabooka ngati sefa. Matumba a pamwamba anayamba kufuka nthunzi, ena n'kung'ambika. Ine msana unkawawa, m'mimba muli chimanga chowotcha chokha, moti zoganiza za laimu ndinalibe.

Nditawoloka, sikelo ya kuno inaonetsa kuti katundu wapyola za pa pepala ndi matani pafupifupi awiri. Thiraki anaiimika pambali, ndipo abwana anga, eni thiraki ndi laimuyo, anafika kuchokera ku Lilongwe patapita masiku awiri.

"Iwe, unabisa katundu wa anthu pansi pa laimu wanga, wamutsitsa ndisanafike. Bwera nawo makiyi."

Ndinati mwina ndi mvula. Iwo anatapa laimu wa m'thumba long'ambika n'kumufikisa m'manja. Anali wouma ngati ufa.

"Mvula yakoyo ili kuti apa?"

Nanenso madziwo sindinkawaona. Zaka khumi ndi zinayi za pa msewu zinathera pomwepo, ndipo ndani angalembe ntchito dalaivala wa mbiri yotere? Ndinakhala pansi pa thiraki dzuwa lili paliwombo, mphamvu yolira ndilibe. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati Ambuye, ndatopa, ndiyankhireni ndinu.

Panali mayi wina wa ku Chipata, Amake Dalitso, amene ankawoloka ndi zitenje. Kunena zoona, ndinkawapewa chifukwa cha kulongolola. Sindinkadziwa kuti pa utsikana wawo anagwirapo ntchito yoyeza laimu ku fakitale.

"Ba dalaiva, nyamukani," anatero. "Itanani ba bwana, mubweleke na sikelo."

Tinabwereka sikelo ya munthu wogula mtedza. Mayiwo anatapa laimu m'thumba la pakati, limene mvula sinalifike, n'kumuika m'chitini. Pambali pake anaika kapu ya madzi, zonse pa sikelo imodzi, ndipo analemba ndi khala pamene muvi unaima. Kenako anathira madziwo m'chitini pang'onopang'ono. Chitini chinatentha, laimu anatupa n'kufumbutuka, madzi onse zii. Kapu yopanda kanthu anaibwezera pa sikelo. Laimu anali wouma, koma muvi unali pafupifupi pomwe paja.

"Manje onani, ba bwana. Manzi yangena mu laimu. Chachoka ni kanthunzi chabe."

Anafotokoza kuti laimu ndi madzi zikakumana zimasanduka chinthu chatsopano chouma, koma kulemera kwa zonse ziwiri kumakhalabe momwemo, sikusowa ndiponso sikuchokera kumwamba. Mvula ya masiku asanu ndi anayi inali m'matumba muja, ndipo ine ndinawoloka nayo malire.

Abwana anapempha kuti thiraki iyezedwenso. Inalemera chimodzimodzi, umboni wakuti palibe chimene chinatsitsidwa. Kupepesa sanapepese. Anandiponyera makiyi n'kunena kuti tsiku lina ndizimanga bwino lona, lona yemweyo amene ndinawapempha kawiri konse kuti agule wina. Ndinangoti zikomo bwana. Mphamvu yokangana ndinali nditaisiya pansi pa thiraki.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha kudzera mwa munthu yemwe ndinkamuthawa. Inu amene mukunamiziridwa, ndipo mulibe mawu odzitetezera, musaleke kupemphera ngakhale pemphero lanu likhale la mawu anayi.

Nditafika kunyumba pa boma, ndinapeza mbiri inanditsogolera kale. Mayi a kunyumba anali atamanga ziwiya ndi mphasa kuti tibwerere kumudzi ku Chiosya, atawauzanso kale ana kuti sukulu ya pa boma yatha. Ndinawaonetsa makiyi n'kunena kuti amasule katunduyo. Iwo anakhala pansi pa mtolo wa zofunda, nayamba kulira.