Chinangwa Chimene Anati Nditenthe

Aleluya mpingo! Ndati aleluya! Mukuyankha ngati simunadye, chonsecho chaka chino mwakolola.

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, moni nonse m'dzina la Ambuye. Kwa alendo, ine ndine make Feliya, wa konkuno kwa Likoswe. Abusa anandilangiza kuti umboni sanena ndi mkwiyo. Pepani abusa, lero ndikulakwirani.

Munda umene ndimalima ndi wa amayi anga. Iwonso anausiyiridwa ndi amayi awo, kuyambira pamene makolo athu anafika wapansi kuchokera ku Mozambiki. Bambo ake Feliya ndi akamwini. Ali apowo, akuyang'ana nsapato zawo. Musawaseke, ndawapempha chilolezo.

M'munda umenewo munali zonse. Chimanga chamakolo, pakati pake nandolo, pansi nseula ndi maungu, kalongonda akukwera mumtengo wa mango, kumunsi chinangwa chowawa chopangira makaka. Chimanga chikakana, nandolo ankavomera. Nandolo akakana, tinkafukula chinangwa. Sitinali olemera ayi, koma mwana sankagona ndi njala.

Ndiye kunabwera mlangizi wa bungwe lina, panjinga yamoto. Anaima pamunda panga, manja m'thumba, n'kufunsa kuti, "Uwu ndi munda kapena tchire?" Tchire! Munda wa amayi anga! Akuti masiku ano kukufunika chimanga chamakono chokhachokha, mizere yoyera, osasakaniza. Akuti nandolo amaba fetereza, chinangwa n'chakudya cha anthu otsalira. Anasankha abambowa kuti akhale mlimi wachitsanzo, n'kuwapatsa chipewa. Chipewa, abale anga! Cholembedwa Chingerezi choti iwo sankatha n'kuwerenga komwe.

Ndinati, "Bambo ake Feliya, mvula ikadzatilakwira tidzadya chiyani?"

Iwo, "Iwe, dziko lasintha. Ino ndi nthawi ya matipate. Alangizi anapita kusukulu."

"Koma mundawu ndi wanga."

"Ndiye ukufuna undichititse manyazi pamaso pa alendo?"

Anazula. Nandolo anazula. Kalongonda anadula. Chinangwa anafukula chisanakhwime. Mitengo yake anaiunjika pamodzi n'kundiuza kuti nditenthe, pakuti kukubwera alendo odzajambula munda. Kwathu mbewu satentha. Ndinasenza mitoloyo ndikulira, n'kukaiponya m'chigwembe cha kumunsi kwa munda, muja mwadzaza nsenjere ndi njoka. Sindinabzale ayi, ndinangoponya. Ndipo sindinkapemphera, ndinkatukwana.

Alendo anabwera, anajambula, anawomba m'manja, anapita. Fetereza amene analonjeza anafika mochedwa, kapaketi kongokwana m'manja. Wa m'sitolo, mtengo wake wosayandikirika. Mvula inagwa yosalekeza, chimanga chonse n'kuchita chikasu. Kochepa kamene tinakolola anankafumbwe anatithandiza kumaliza, paja chamakono n'chofewa. Nanga mlangizi uja? Akuti pulojekiti inatha. Ngakhale fumbi la njinga yake sitinalionenso.

Njala ija sindikufunika kukuuzani. Ambiri muno munaika maliro. Ife tinadya gaga. Gaga atatha tinadya zitsa za nthochi ndi mango aawisi owiritsa. Feliya anali kamwana koyamba kumene kuthamanga. Mapazi anatupa, tsitsi linafiira, kenaka anasiya kulira. Amayi anzanga, mwana akasiya kulira mukudziwa chimene chatsala. Ndinamubereka mpaka kuchipatala ku Milepa. Anamwino anamuyeza n'kundiuza mwachifundo kuti, "Mayi, mwanayu matenda ake ndi chakudya." Chakudya ndikachitenga kuti ine? Ndikaphike chipewa?

Pobwerera ndinamusiya pamphasa n'kutsikira kuchigwembe kuja kukafuna mpama, kaya chilichonse. Mumtima ndinati njoka ikandiluma ndipumule. Ndinagwada m'matope, ndipo pemphero langa silinali lokoma. Ndinati, "Mulungu, mwanayu munandipatsa ndinu. Ngati mukumufuna nenani, koma musandinamize ngati alangizi." Nditapatula nsenjere, ndinaona masamba. Chigwada! Abale, chigwada! Mitengo ija madzi anaikwirira ndi dothi, inaphuka, inakula popanda woipalira. Ndinakumba ndi zala. Chinangwa chake ngati mkono wangawu!

Aleluya! Koma dikirani, mayesero anali asanathe. Chinali chowawa chija. Abambowa atangochiona anathamangira kusonkha moto. "Wiritsa msanga mwana adye!" Ine ndinati, "Tachikhudzani muone!" Chowawa ukachita nacho phuma chimapha. Chaka chimenecho alipo amene tinawaika chifukwa chodya chosaviika. Ndinachisenda, kuchiviika mumtsuko, kuvundikira, n'kukhala pambali pake ngati mlonda. Chakudya chili apa, mwana ali apo akundiyang'ana, ine n'kumamumana. Palibe chimene chinandipwetekapo moyo ngati chimenecho. Ndinkangosinja chigwada, kuwiritsa mpaka chipsetsetse, kumamupatsa pang'onopang'ono kuti afike mawa.

Chinangwa chitafewa, ululu utatuluka, ndinachisinja n'kuphika phala. Anameza. Anamezanso. Kenaka analira. Analira, abale anga! Ine n'kuyamba nthungululu, anansi n'kuthamangira kwathu poyesa ndapenga.

Lero pitani mukaone mundawo. Tchire lija linabwerera. Nandolo amabzala ndi abambowa, okha, osawatuma. Makaka ali padenga, mbatata ili kudimba, kalongonda wakweranso mumtengo wake. Chipewa chija tinachiveka chidole choopsezera akhwangwala, ndipo ntchito imeneyo chikuigwira bwino.

Chaka chatha kunabweranso alangizi ena, pagalimoto yoyera. Akuti abwera kudzatiphunzitsa ulimi wa kasakaniza, tisamadalire chimanga chokha. Kudzandiphunzitsa ine! Ndinaimirira n'kufunsa kuti, "Amene anatizulitsa aja ali kuti?" Anati, "Mayi, ndondomeko zinasintha." Zinasintha! Inu mumasintha muli pampando muofesi, ife kuno timasinthira kumanda. Msonkhano utatha anandipempha mitengo ya chinangwa yoti akagawire midzi ina. Ndinawapatsa, chifukwa mbewu samana, ndipo amene akabzale si iwowo.

Feliya, taimirira mwanawe. Ndi ameneyu. Anzake obadwa nawo chaka chimodzi amamuposa ndi mutu wonse. Anamwino anandiuza kuti msinkhu umene njala inadya subwereranso. Koma ali moyo, amapita kusukulu, amaimba kwaya yomwe mwaimvera ija.

Ndikuthokoza Mulungu amene anabzala m'chigwembe pamene ine ndinkangotaya. Kukhululuka ndikuyesetsa, abusa, muzindipempherera, sikunathe. Koma wina akadzabweranso kuno ndi chipewa kudzatiuza choti tizule, mudzamubweretse kwathu. Adzayambe waima pafupi ndi mwanayu.

Khala pansi, Feliya. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.