Akumunsi

Pasiteji ya basi pafupi ndi msika wa m'tauni ya Tabanan, bambo wina wonyamula mtolo wa ndodo zansungwi anakhala pambali pa mayi wogulitsa maluwa a nsembe. Sankadziwana.

"Ndodo zonsezi, achimwene, mukukamenya nazo ndani?"

"Ndi za alendo, mayi. Ndimawayendetsa m'minda ya mpunga m'mapirimu. Amayendera zimenezi kuti asaterereke."

"Kuchoka kutali konseko kudzaona matope?"

"Mukanaona m'mamawa! Nkhungu ikamachoka, madzi a m'minda amasanduka kalilole. Mitambo imagona pansi, abakha n'kumasambira pakati pake. Mlendo wina anaima m'munda umene anandisiyira bambo anga, misozi ili chuchuchu. Akuti ndimugulitse mundawo, amangepo nyumba, azidzuka n'kumaona zimenezo."

"Inu mwati chiyani?"

"Mawa ndikavomera. Ndimalota nditakhala pakhonde, msana osapweteka, khasu nditaliiwala."

"Mundawo uli pati?"

"Kumtunda kwenikweni, m'munsi mwa kachisi wa pakasupe, pomwe ngalande imayambira."

"Madzi akadzaza mwanumo amalowera kuti?"

"M'munda wotsatira, kenako wina, mpaka kuchigwa. Ndi mmene makolo anagawira."

"Nanga nyumba ikakhalapo?"

"Aa, akumunsiwo adzaona chochita. Sindiwadziwa n'komwe."

Mayi uja anasankha maluwa mosafulumira, n'kuwaika m'manja mwa bamboyo.

"Tengani, mukapereke pakachisipo musanavomere. Mukauze milungu kuti akumunsi mwawadziwa tsopano. Ndine Luh Sulasih. Munda womaliza kuchigwako ndi wanga."