Mmene Bogi la Mpunga Linadzadzira ku Chipoka

Abale ndi alongo a mumpingo, landirani moni wanga nonse amene mukumva kalata iyi ikuwerengedwa. Abusa andipempha kuti ndilembe zimene Mulungu anandichitira nyengo yokolola mpunga, pamene ntchito yanga ya ukapitawo ku Chipoka inatsala pang'ono kutha. Sindidziwa kukometsa mawu, choncho ndingonena mmene zinalili.

Ambiri mukudziwa kuti sukulu ndinalekera Sitandade 5. Sikuti mutu unali wouma ayi. Ndinayankha mphunzitsi mwamwano pamaso pa ana onse, anati ndipepese, ndinakana, ndipo ndinapinda mphasa yanga kubwerera kwathu ku Chitala. Anzanga aja lero ndi makalaliki ku Zomba, amavala masokosi oyera ofika m'mawondo. Ndikawakumbukira nsanje imandigwirabe, ndipo sindinama kuti zinatha.

Mmwenye wina wogula mpunga anandilemba ntchito chifukwa ndimatha kuwerenga sikelo. Anandipatsa amuna khumi ndi awiri oti azinyamula matumba kuchokera kushedi kukalonga m'bogi la sitima ya pamtunda. Asanu ndi awiri anali Asilamu a m'mbali mwa nyanja, ndipo wamkulu wawo anali Che Amidu, bambo amsinkhu wa malemu atate anga. Amayi ndi mlongo wanga ku Chitala ankadya za ntchito imeneyi.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Kenako, mpunga utangochuluka, ntchito inayamba kukwawa. Dzuwa likafika pamutu amuna aja ankayenda ngati ali m'madzi ofika m'chiuno. Ine ndinkakuwa, iwo ankangondiyang'ana. Lolemba lina ndinawatchula kuti ndi aulesi, ndipo Che Amidu anatula thumba pansi n'kunena motsitsa kuti, "Wamva, mwana wa sukulu wayankhula." Onse anaseka. Sitima ya sabata imeneyo inapita bogi lathu lisanafike ndi pakati pomwe.

Bwana sanachulukitse mawu. Anati sitima ya Loweruka ikadzapeza bogi losadzaza, ndidzatule kiyi wa shedi, kapitawo wina alipo kale ku Salima akungodikira.

Lachiwiri lotsatira masana ndinapita kuseri kwa shedi n'kugwada pamankhusu a mpunga. Pemphero langa silinali laulemu. Ndinafunsa Mulungu chifukwa chimene anandipatsira mutu wodziwa masamu n'kundiika pakati pa matumba. Nditatha ndinangokhala pomwepo, kutsamira malata otentha. Njanji inkanyezimira n'kumaoneka ngati ikusungunuka chakutali, nyanja ndi thambo zinali zitalumikizana popanda mzere, ndipo bwato lina linkaoneka ngati likuyandama m'mwamba. Ndinadziona ndili m'sitima, nditavala malaya oyera, ndikupita kudziko kumene palibe amene amadziwa kuti ndinalekera Sitandade 5. Sindikudziwa ngati ndinagona. Chimene chinandibweza ndi chifuwa cha munthu akutsokomola.

Anali a Kalima. Amene mumadutsa pasiteshoni mumawadziwa, nkhalamba ya jekete lothothoka imene imakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuyambira m'mawa. Anthu amawatchula kuti a Pulofesa, ena mwaulemu, ena monyoza. Ine ndinali m'gulu la onyoza. Ndinkati ngati sukulu imathera pansi pa bwemba, ndiye bola ine.

Mbiri yawo ndinaidziwa pambuyo pake, pang'onopang'ono, chifukwa saikamba yonse tsiku limodzi. Anabadwira kuno komwe, anayenda pansi kupita ku Halale ali mnyamata, kenako ku Joni. Anayamba ndi kusesa m'sitolo ya pamgodi. Anaphunzira kudzera m'makalata a papositi, chaka ndi chaka, mpaka anawaika kuyang'anira sitolo yonse. Pamapeto pake anaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya zamalonda, kuphunzitsa anthu akuda kayendetsedwe ka ntchito, kaya ndi yam'sitolo, kaya ndi yam'bungwe la alimi. Fumbi la kumeneko linawawononga m'chifuwa, maso nawonso anachita khungu pang'ono, ndiye anabwerera kwawo ndi bokosi limodzi la mabuku.

Tsiku limenelo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "A Kapitawo, amuna anu aja amwa madzi kangati lero?"

"Ine ndimawerenga matumba, sindiwerenga madzi," ndinawayankha choncho.

"Eya, ndakuonani. Mawa bwerani mudzakhale nane pansi pa bwemba. Pakamwa mudzasiye kunyumba."

Ndinafuna kuwatukwana, koma ndinalibe kwina kopita. Lachitatu ndinakhala nawo pamizu ya mtengo uja kuyambira m'mawa, osalankhula. Sindinkadziwa kuti ntchito yanga imaoneka chotere ukaionera patali. Amuna ankatuluka mumdima wa shedi, thumba pamsana, n'kulowa m'kuwala ngati anthu a m'maloto. M'mamawa onse ankathamanga. Dzuwa litakwera, asanu ankapatukira kumtsuko wa madzi, koma asanu ndi awiri aja ankaudutsa osauyang'ana n'komwe. Milomo ya Che Amidu inali itayera. Ndinawaona akuima pakati pa njira, maso otseka, kenako n'kupitiriza.

Unali mwezi wa Ramazani. Anthuwo ankafunga, osadya ndi osamwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ndisaname, ndinkadziwa. Kungoti ndinkati za kumzikiti zizithera kumzikiti. Ndipo ine ndi amene ndinakonza kuti m'mawa kukuzizira tizisoka matumba ndi kuyeza pasikelo mumthunzi, kunyamula kwenikweni kuzikhala masana.

A Kalima sanandiuze chochita. Anangoti ophunzira awo onse ankayamba ndi tsiku lathunthu lokhala pansi kuonerera, ndipo ambiri ankadana nalo kuposa mayeso. Kenako anandifunsa kuti pa anthu khumi ndi awiriwo ndani amene ankadziwa bwino nthawi imene mphamvu zimawathera. Ndinati Che Amidu. Iwo anati, "Nanga mukudikira chiyani kwa ine?"

Abale, chimene chinandichotsa pasukulu ndi kukana kupepesa, ndipo mayendedwe ochoka pa bwemba kukafika pamene panakhala Che Amidu ndi aatali kuposa onse amene ndinayendapo. Ndinavula chipewa, ndinanjuta, ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani. Si inu aulesi, wopusa ndi ine. Ndithandizeni bogi lidzaze."

Anandisiya nditanjuta kanthawi ndithu. Kenako anatembenukira anzawo n'kulumbira kuti, "Wallahi, sukulu ija yayamba kugwira ntchito."

Iwo ndi amene anakonza zonse. Anati akadya daku, chakudya chawo cha m'bandakucha, n'kuswali pemphero lawo lam'mawa, adzabwera molunjika kushedi kudzanyamula kukadali chisisira. Dzuwa likakwera adzalowa mumthunzi kusoka ndi kuyeza, Akhristu asanu aja adzanyamula masana. Asanuwo anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa. Che Amidu anawalonjeza kuti mwezi ukatha, ntchito ikadzagwa Lamulungu, Asilamu adzaigwira okha. Anagwirana chanza.

Lachinayi tinayamba nyenyezi yam'mawa isanazime. Nkhungu inali itagona panyanja, ndipo amuna ankayenda m'menemo akuimba motsitsa, mapazi osamveka. Masana inenso ndinavula malaya n'kunyamula nawo. Thumba loyamba linandigwetsa chafufumimba, anandiseka mpaka misozi, koma panalibe amene anakhala pansi. Lachisanu Asilamu anapita kumzikiti kumapemphero a Ijumaa, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinayang'ane wotchi. Loweruka utsi wa sitima utaonekera kumwera, kunali kutatsala matumba asanu ndi anayi pansi. Injini ikumwa madzi pasiteshoni, tinawaponya onse. Lomaliza analowetsa ndi Che Amidu, n'kutseka chitseko cha bogi ndi phewa.

Bwana anasuzumira m'katimo, anagwedeza mutu, n'kubwerera kusitolo kwake. Zikomo sananene. Kiyi ndili naye mpaka lero.

Masiku ano Lachitatu lililonse ndikaweruka ndimapita kwa a Kalima kukawawerengera mabuku a m'bokosi lija, poti maso awo sakuthanso. Ndikafika pamene sindikumva amandiimitsa n'kundifotokozera ndi zitsanzo za makoka ndi za m'misika. Timakangana kawirikawiri. Amati ndine wophunzira wamakani kuposa onse amene anakhala nawo, ndipo ine ndimawauza kuti ndine yekhayo amene watsala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano ngati langa, osandibwezera mwano. Ndikuthokoza a Kalima ndi Che Amidu, amene sapemphera nafe m'nyumba ino koma anandinyamula sabata imene ndinagwa. Inu amene zakuthinani, makamaka achinyamata anzanga amene sukulu inatikanika, musaleke kupemphera ngakhale mawu ake atuluke owawa. Ine sindinasanduke munthu wofatsa, ndipo ku Zomba sindidzafikako. Koma amayi ku Chitala akudya, ndipo amuna khumi ndi awiri amandiyankha moni m'mawa. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.