Chometera cha Malezala Asanu

Pamzere wa pamalire a Milange, bambo wina ankangosuzumira kutsogolo, chometera ndevu chatsopano chili m'manja. Wogulitsa nyemba amene anali kumbuyo kwake ndiye anayambitsa nkhani.

"Achimwene, cha malezala asanucho mwalakwitsa. Ndevu zimatsekeramo, ndipo chimasiya tiziphuphu. Ine ndimagula cha atatu, chibwano chimasalala see."

"Si cha ndevu ichi. Koma mzerewu ukuyenda? Lero tikumeta maliro a mayi ku Muloza, onse akudikira ine."

"Pepani. Nanga mwagula chimodzi bwanji?"

"Tilipo ana asanu. Amalume anati aliyense lezala lakelake, zobwerekana zinatha. Ndikafika tikachotsa limodzilimodzi."

"Sachoka amenewo, achimwene. Anawamatira pamodzi."

"Ndiye anayi enawo ndi a ndani, poti chibwano n'chimodzi?"