Dzanja la a Taimani

Anamfedwa ndi nonse mwabwera, malemu amene tikuwaika lerowa anali ndi chizolowezi chimodzi: kukweza dzanja lamanja. Ukamalankhula zosawakomera sankakutsutsa. Ankangotambasula chikhatho pamaso pako, iwe n'kumeza mawu ako. Madalaivala anawapatsa dzina loti a Taimani, ndipo ndi lomwe ndiziwatchula pano. Ine ndine mkulu wawo, telala uja. Moyo wonse ndinkawauza kuti "iwe". Lero akuti ndiziti "iwo". Chabwino.

A Taimani anabadwa m'chaka cha 1987, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Anali achiwiri m'banja la ana atatu. Dzanja lija analiyamba asanamere mano, ndipo woyamba kuimitsidwa ndinali ine. Pa sukulu masamu ndinkawaphunzitsa ndine, koma amayi pouza alendo ankati, "Wamng'onoyu ndiye mutu."

Upolisi linali khumbo langa, osati lawo. Mu 2007 ndinawapempha kuti andiperekeze kokalembetsa, akandigwirire chikwama. Atandiimika pa thabwa loyezera msinkhu, ndinaperewera ndi chala chimodzi. Bwana woyezayo anaona mng'ono wangayu ataima pakhomo, n'kufunsa kuti, "Nanga wamtaliyo akudikira ndani?" Chikwama chija ndinabwerera nacho ndekha.

Mu 2011 anakwatiwa ndi aphunzitsi aja ambiri mukuwakumbukira. Aphunzitsiwo anayamba kubwera ku shopu yanga kudzafupikitsa buluku, ndipo anabweranso katatu buluku lilibe vuto. Ulendo wotsatira anapeza a Taimani akuyesa siketi ya yunifolomu. Diresi la ukwati ndinasoka ndine. Mlamu wangayo anatisiya mu 2019, m'nyumba muli mwana mmodzi.

Pa msewu anagwirapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka kufika pa usajeni. Magulovu oyera ankachapa okha, osalola munthu kuwakhudza. Ku mpingo anali a kwaya. Mawu analibe, tisanamizane pamaliro, koma ndi dzanja lomwelo ankayambitsa nyimbo n'kuiimitsa, ndipo anthu makumi atatu ankawamvera. Ine wodziwa kuimba ndinali mzere wachiwiri.

Lachiwiri sabata yatha, nthawi ili 7 koloko m'mawa, ankawolotsa ana a sukulu pa mphambano ya pafupi ndi positi ofesi. Ana ali pakati pa msewu, kunatulukira lole ya mchenga. A Taimani sanathawe. Anaima kutsogolo kwa anawo, gulovu loyera m'mwamba. Dzanja limene linkaimitsa mabasi, mabwana ndi ine, munthu mmodzi sanalione, chifukwa anali atadzukira mowa. Atamutulutsa m'lole yomwe inawagundayo ankafunsa ngati tayala laphulika. Ana onse khumi ndi anayi anawoloka.

M'chipatala anakhalamo masiku anayi. Tsiku loyamba amayi akulira pakhonde anati, "Mulungu, bwanji mukunditengera uyuyu?" Ine ndinali pambali pawo, fulasiki ili m'manja. Mawu oti "uyuyu" ndinawamva bwinobwino. Amayi, sindikukuimbani mlandu, ndikungowerenga mbiri.

Tsiku lachitatu malemu anatulutsa aliyense m'chipinda n'kusiya ine. Ndinaona kuti nthawi yatha, ndiye ndinayamba kuulula nsanje yanga ya zaka zonsezi. Sindinafike patali. Dzanja linakwera, mapaipi ali lendelende.

"Achemwali, taimani. Ndikudziwa. Masiketi anga munkawathinitsa dala."

"Iwenso unkanenepa dala," ndinayankha.

Anaseka mpaka anesi anasuzumira. Kenako anati, "Mwana uja musamupereke kwa wina. Enawa azimunamiza kuti ndi wanzeru kuposa anzake, ngati mmene ankandinamizira ine. Inu simunama." Anamwalira Lachisanu masana.

Ndinganame ndikati lero nsanje yatha. Taonani mbendera pabokosipo, taonani anzawo andanda nsapato zili waliwali. Ine ndikadzafa mudzabwera ochepa, ena kudzafunsa za nsalu zanu. Koma ndadzifunsa kuti, pakanapanda chala chimodzi chija, ndikanaima ine pamphambano paja, kodi ndikanaima? Yankho sindinalipeze, ndipo imeneyi ndiye nsanje yaikulu imene andisiyira.

A Taimani asiya mwana mmodzi wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, amayi awo, mlongo mmodzi, ndi ine mkulu wawo.

Za mwanayu ndamva kuti dzulo achibale munakambirana mpaka kukwezerana mawu, ena akuti apite kwa agogo ake, ena kwa azakhali ake akuchimuna. Musavutike. Mwana sasintha sukulu, wosamuka ndine. Makiyi a shopu ndabweza. Makina osokera ndawakulunga m'bulangete, ndipo chikwama chili kuseri kwa chitseko, chomwe chija anandigwirira mu 2007. Magulovu awo ndaikamo. Tsiku la mlandu ndidzakhala pa benchi yakutsogolo ndi mwanayu, kuti bambo wa lole uja adzatione ali bwinobwino. Wotsutsa akweze dzanja, koma adziwe kuti dzanja limene ndinkalimvera ine lili m'bokosimu.

Mng'ono wanga, tsitsani dzanja tsopano, ana awoloka. Apumule mu mtendere.