Maloko Awiri, Chikuku Chimodzi

Ine, amene anthu amanditcha Mayi Masamu, wa zaka 72, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wokhala m'nyumba yachitatu kuchokera pa mpope wa kuseri kwa msika, ndikupereka umboni pa nkhani ya alamu anga, kalipentala, amene ali m'chitokosi muno chifukwa cha chikuku.

Chikuku ndikunenachi ndi njinga ya anthu osatha kuyenda. Amene ankayendera chikukucho ndi mng'ono wanga, mkazi wa alamuwo, amene anafa ziwalo mbali ya kumanzere zaka zinayi zapitazo. Awiriwa amakhala m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yanga. Chipindacho chili ndi zenera limodzi, loyang'ana mpanda wa njerwa.

Kumapeto kwa msewu wathu kuli holo ya okalamba ndi olumala. Nyumbayo ndi ya boma. Katundu wa m'katimo anagula ndi bungwe lakunja lothandiza anthu, ndipo chilichonse analimata sitika ya buluu. Pakhoma analembapo kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wophunzira, woimba ndi wosonkhana ndi anzake. Ine ndinkathandiza mongodzipereka. Ntchito yanga inali kuwerenga anthu pakhomo, chifukwa a bungwe ankafuna manambala, a unduna nawonso ankafuna manambala omwewo koma pa pepala lawo. Mng'ono wanga ankaimba m'kwaya ya Lachinayi. Pakamwa pake panapotoka, koma akamaimba mawu amamveka bwino kuposa akamayankhula.

Chikukucho anamupatsa ndi a bungwe. Tsiku limenelo anamujambula zithunzi atanyamula maluwa, ndipo mkulu wa bungwe ananena pa chimkuzamawu kuti kuyambira pamenepo imeneyo ndiyo miyendo yake.

Miyezi isanu yapitayo tayala lakutsogolo linayamba kugwedera. Alamu anakasiya chikuku kuholo Lachiwiri, poti wokonza ankabwera Lachitatu. Lachitatu m'mawa kunabwera a bungwe, osati wokonza. Anatiuza kuti opereka ndalama kwawo aganiza zothandiza ntchito zina, choncho ntchito yathu yatha. Anawerenga chilichonse chokhala ndi sitika, natseka chitseko ndi loko wawo. Anati katunduyo adzamupereka ku boma pa mwambo. Masana a unduna anabwera n'kuika loko wachiwiri pamwamba pa woyambayo, kuti katundu asatuluke mwambowo usanachitike. M'katimo munatsala mipando 40, makina osokera atatu, limba limodzi, mabuku, zikuku zisanu zatsopano zikadali m'mapulasitiki, ndi cha mng'ono wanga chachisanu ndi chimodzi.

Alamu anapita ku unduna. Bwana wa kumeneko anawapatsa mpando, nawauza kuti nkhaniyo akuimvetsa poti mayi ake nawonso amayendera ndodo, koma mwambo usanachitike katunduyo akadali wa bungwe, ndipo iye akatsegula ntchito imuthera. Alamu anapitanso ku ofesi ya bungwe. Anapeza muli anthu ogulitsa matailosi. Pa foni wina anawayankha kuti katundu wokhala m'nyumba ya boma ndi nkhani ya boma. Mwambo umafunika akuluakulu a mbali zonse ziwiri, koma mkulu wa bungwe anali atabwerera kwawo.

Nthawi yonseyi mng'ono wanga sanapitirire pabwalo. Alamu, a zaka 69, ankamubereka kumsana popita kubafa ndi kuchimbudzi. Iye ankawanena kuti galimoto yake yakalamba, imalira pokwera sitepe. Iwo ankayankha kuti katundu ndiye wanenepa. A kwaya anabwera kudzamuimbira kamodzi. M'chipindamo munakwana atatu, ena anaima panja, ndipo iye anawauza kuti asadzavutikenso. Tsiku lina anandiitana, nati: "Achemwali, tawerengani njerwa za mpandawu. Ine ndikupeza 93, koma mwina ndayamba kusokonezeka." Ndinawerenga. Zinali 93.

Loweruka lapitali m'mawa alamu anatenga chikwama cha zida, nati ndiwaperekeze ndikawagwirire zinthu. Sindinafunse kuti zinthu zanji. Kuholo tinapeza mlonda atakhala pa njerwa. Alamu anamuuza poyera chimene abwerera. Mlonda anaganiza pang'ono, nayankha kuti: "A buluu anandiuza za loko wawo. A boma anandiuza za loko wawo. Za mahinjesi palibe anandiuzapo." Atatero anapita kukagula tiyi.

Chitsekocho chimatsegukira kunja kuti zikuku zizidutsa bwino, ndiye mahinjesi ake ali panja. Anachiika ndi alamu omwewo pamene holo inkatsegulidwa. Mahinjesi alipo atatu. Anamasula masikuluwu anayi pa hinjesi iliyonse, onse pamodzi 12, ndipo ine ndinawasunga mu mpango. Chitseko chinatsegukira mbali inayo, chitalendewera pa maloko. Alamu analowa, ine ndinaima pakhomo ndikuwaona. Anadutsa zikuku zisanu zatsopano osazikhudza. Anatulutsa cha mkazi wawo chokha, nabwezera chitseko. Ndinawapatsa masikuluwu limodzilimodzi mpaka 12. Palibe loko amene anathyoka kapena kukandika.

Kunyumba anamanga tayalalo ndi bawuti limodzi latsopano. Masana omwewo mng'ono wanga anapita kumsika. Anagula singano, ngakhale sangathe kusoka, ndipo anakhala komweko mpaka ogulitsa atayamba kulongedza. Anapitanso Lamlungu ndi Lolemba.

Lachiwiri bwana wa ku unduna anabwera kuholo ndi alendo awiri a bungwe lina, amene ankaganiza zopereka ndalama kuti holo itsegulidwenso. Anandiitanitsa chifukwa ndine ndimadziwa manambala. Tinaima panja, poti makiyi a loko wa bungwe loyamba lija palibe anali nawo, ndipo magalasi anali atada ndi fumbi. Alendo ankafunsa, bwana n'kumamasulira. Anafunsa kuti kunkabwera anthu angati pa sabata. Ndinati 63. Mipando? Ndinati 40. Makina? Atatu. Zikuku? Ndinati zisanu.

Bwana anayang'ana pepala lake, nati mwina ndaiwala, zilimo zisanu ndi chimodzi. Ndinayankha kuti ine sindiiwala nambala, zilimo zisanu. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo yankholo linatuluka ndisanaganize. Mmodzi wa alendowo anapukuta galasi ndi dzanja, nasuzumira, nawerenga yekha. Kenako analemba m'kabuku kake. Bwana anandiyandikira, nanena chapansipansi kuti: "Mayi, mukanangovomera basi."

Alendo ananena kuti n'kovuta kuika ndalama pamalo pamene katundu amasowa m'nyumba yokhoma kawiri. Bwana anati zikatere sangachitire mwina koma kukanena ku polisi. Anandifunsa kumene chikuku chili. Ndinamuuza.

Lachitatu kunabwera apolisi awiri. Anapeza mng'ono wanga atakhala m'chikukumo pabwalo, akuwothera dzuwa. Anadikira kuti alamu amubereke n'kukamugoneka pabedi. Alamu anamufunditsa, nasuntha madzi akumwa kuti akhale ku dzanja lake labwino. Atatuluka, apolisi anatenga iwo ndi chikuku.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo tilimo awiri. Ndayesa kumunyamula kawiri. Kachiwiriko tinagwa tonse pakati pa bedi ndi khoma, ndipo tinakhala pansi mpaka mayi woyandikana nafe atamva kuitana. Mayiyo amathandiza m'mawa asanapite ku ntchito. Nthawi zina zonse tikugwiritsa ntchito ndowa.

Mwandifunsa ngati ndikuchizindikira chikuku chili pakona ya ofesi inoyi. Ndikuchizindikira. Chili ndi sitika ya buluu kumbuyo, bawuti latsopano pa tayala lakutsogolo kumanzere, ndipo tsopano chili ndi kapepala kanu komangirira ndi chingwe. Mwandiuza kuti sichingatuluke muno mlandu usanathe, ndiponso kuti mlandu sungayambe mpaka zidziwike kuti wodandaula ndi bungwe kapena boma.

Ndikupempha kuti mulembe kuti masikuluwu ndinagwira ndine, ndipo nambala ndinatchula ndine.

Pochoka kunyumba lero ndasiya chitseko chosakhoma. Mng'ono wanga anandifunsa ngati ndichedwe, ndinati sindikudziwa. Ndiye anandituma mawu awa, ndipo ndikuwanena monga anawanenera: "Mukawauze kuti sindikupempha zonse ziwiri. Asankhe okha. Abweze miyendo yanga, kapena abweze msana."

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndawerenganso ndekha.

Siginecha ya mboni: ______________________